Mphindi ziwiri zomaliza mu 2K: tizisiyira kompyuta kapena tizigwira tokha?

Wongani (Admin): Madzulo abwino nonse. Ligi yathu ya NBA 2K23, gemu ya basketball ya pa PlayStation, iyambiranso Loweruka, ndiye tisanagawane matimu pali nkhani yoti tigwirizane. Mu Coach Settings muli zinthu zitatu zomwe aliyense wakhala akuika momwe wafunira: Timeout (kuimitsa gemu kwakanthawi), Substitution (kusintha osewera) ndi Late Game Fouling (mafaulo adala a kumapeto kwa gemu). Ena amasiya pa Auto, ena pa Manual. Maganizo anga ndi oti gemu iliyonse yomwe anthu awiri agwira mapadi, zitatu zonsezi zizikhala pa Manual. Madandaulo ambiri a sizoni yatha anali a mphindi ziwiri zomaliza, munthu n'kumati "si ine, kompyuta ndi yomwe yapanga faulo". Tiyeni tithane nazo lero.

Gome: Ine ndavomera kale. Kusiya mphindi zomaliza pa Auto kuli ngati kupatsa kondakitala chiwongolero pomwe minibasi yayamba kutsika Chiweta.

Yamikani: A Admin, pa Timeout ndi Substitution palibe vuto. Koma pa Late Game Fouling tiganizire anzathu atsopano. Anyamata awiri a ku Zolozolo aja angoyamba kumene, sadziwa n'komwe kuti faulo yadala imapangidwa bwanji. Tikawachotsera Auto azingoyang'ana wotchi ikutha, mnzawo akudunda mpira pakati pa bwalo.

Lusungu: Achimwene Yami, zimenezo n'zophunzitsana kwa mphindi imodzi. Pa PS4 mukadina touchpad mpira uli kwa inu ndiye kuti mwaitana timeout. Mukadina mpira uli kwa mnzanu, wosewera wanu amamukumbatira uja, faulo yadala. Batani ndi limodzi lomwelo. Chovuta si batani, koma kudziwa nthawi yodina, ndiponso yemwe mukumugwira. Kompyuta imagwira aliyense yemwe wawakha mpira. Ngati wawakha ndi Stephen Curry, yemwe pa ma free throw (mipira yoponya osatchingidwa ukapangidwa faulo) 10 amalowetsa 9, yangomugawira mapointi awiri aulere.

Yamikani: Nanga mutani ngati mnzanu akupatsira Curry yemweyo? Nthawi ikutha, musankha bwanji?

Lusungu: Mumayamba mpira usanalowe m'bwalo. Woponya kuchokera kunja ali ndi masekondi 5 okha. Pa Defensive Settings muike Deny Ball (kumutchinga kuti asalandire mpira) pa katswiri wa ma free throw uja, inu mugwire wosewera wina n'kumupanikiza awiri. Mnzanu akaona masekondi akutha amangopatsira yemwe ali yekha, ndipo nthawi zambiri amakhala wamtali wosadziwa kuponya. Ameneyo ndi yemwe mumamukumbatira.

Aphunzitsi a Mhango: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga. Ine padi sindiyigwira bwino ngati inu, koma ndaphunzitsa basketball ku sekondale zaka zambiri, ndipo funso lomwe mukulimbana nalo ndi la masamu. Yang'anani mawotchi awiri, ya gemu ndi ya masekondi 24 omwe timu imakhala nawo kuti iponye. Mukutsalira ndi mapointi 2, mpira uli kwa adani, kwatsala masekondi 40. Musapange faulo. Tchingani bwino. Ngakhale adye masekondi onse 24, mpira ubwera kwa inu kutatsala 16, nthawi yokwanira kupanga chilichonse. Koma kukatsala masekondi 20, wotchi ya 24 ija yazima, sakakamizidwanso kuponya. Apa sekondi iliyonse yomwe mukuchedwa kupanga faulo ndi yanu yomwe mukutaya. Pakati pa 24 ndi 30 ndi pomwe kochi amaonekera, chifukwa mukadikira mpira udzabwera kutatsala masekondi atatu kapena anayi basi, ndipo ngati mulibe timeout mudzayambira kumapeto kwa bwalo.

Gome: Zikomo aphunzitsi. Apa ndi pomwe Auto imandikwiyitsa. Imatha kuyamba mafaulo nthawi idakalipo yoti mutchinge kamodzi kokha n'kutenga mpira.

Aphunzitsi a Mhango: Ndiwonjezereko chinthu chimodzi chomwe ambiri a kuno amasokoneza. Pa mabwalo athu timasewera ndi malamulo a FIBA, bungwe la basketball padziko lonse: kota ndi mphindi 10, mafaulo 5 watuluka, timeout amapempha ndi kochi yekha. Gemu yanuyi imatsata a NBA, ligi ya ku America. Kumeneko wosewera amatuluka pa faulo ya 6, ndipo yemwe wagwira mpira akhoza kuitana timeout mpira uli mkati moseweredwa. Timu ikafika faulo yachisanu mu kota imodzi, adani amapita pa mzere kukaponya ma free throw. Koma pali lamulo lina la mphindi ziwiri zomaliza: ngakhale timu ikhale kuti sinapange faulo kota yonse, ikangopanga yachiwiri mkati mwa mphindi ziwirizo, adani akuponya. Inu mumasewera makota a mphindi 5, ndiye mafaulo sachuluka. Kutanthauza kuti wotsalira akapanga faulo yoyamba, mpira umangoponyedwanso kuchokera pambali. Ayenera kupanganso ina kuti mnzake apite pa mzere. Werengerani zimenezo pa nthawi yanu.

Tadala: Eee, aphunzitsi, mwandimasulira chinthu chomwe ndimangochiona osachimvetsa. Ndiye kwa wotsogola faulo yoyamba ija ndi chida?

Aphunzitsi a Mhango: Ndithu mwana wanga. Mukutsogola ndi 1, kwatsala masekondi 9, simunapange faulo mu mphindi ziwirizi. Musiyeni adunde masekondi anayi, mugwireni asanayambe kuponya. Ayambirenso kuchokera pambali ndi masekondi 5, pulani yomwe anakonza pa timeout yaphwasuka.

Atupele: Chabwino, tifike pa nkhani yeniyeni yomwe imatikanganitsa ku Chibavi sabata iliyonse. Mukutsogola ndi 3, kwatsala masekondi 10, mpira uli kwa mnzanu. Faulo kapena kutchinga?

Gome: Faulo, amwene. Osaganiza kawiri.

Yamikani: Kutchinga. Basketball ndi kutchinga.

Lusungu: Tiyeni tiwerenge zomwe mnzanu ayenera kuchita mukamupanga faulo. Alowetse free throw yoyamba. Aphonye yachiwiri mwadala, komanso mpira ukhudze ring, apo ayi mpira ndi wanu. Kenako timu yake itenge rebound, kuwakha mpira wophonyedwawo, pomwe anthu anu ndi omwe aima pafupi ndi ring. Kenako alowetse. Zinthu zinayi zonse zimuyendere. Mukasankha kutchinga, iye akufunika chinthu chimodzi chokha, three imodzi, mpira wakutali wa mapointi atatu. Ndipo mu 2K munthu wodziwa nthawi yosiyira batani amalowetsa three ngakhale dzanja lili pankhope. Anthu ngati achimwene Atupele akagwira Damian Lillard simungawapatse mwayi umenewo.

Atupele: Asisi, ndiye mwandiululira chinsinsi pagulu. Koma zoona, ine ndikatsalira ndi 3 ndimapemphera kuti mnzanga asandigwire.

Gome: Kumbukirani 2013, gemu 6 ya ma Finals. San Antonio Spurs imatsogola 94-89 kutatsala masekondi 28.2. LeBron analowetsa three, Kawhi Leonard analowetsa free throw imodzi pa ziwiri, 95-92. Spurs sinapange faulo. LeBron anaphonya, Chris Bosh anatenga rebound, anapatsira Ray Allen pakona, mpira unalowa kutatsala 5.2. Miami inapambana 103-100 mu nthawi yowonjezera, n'kutenganso gemu 7. Chikho chinapita choncho.

Yamikani: Akulu, gemu imeneyo ikunena zina. Vuto la Spurs silinali faulo, linali rebound. Gregg Popovich anatulutsa Tim Duncan kuti aike anthu othamanga otchinga ma three, ndipo ma rebound awiri onse omwe Miami inatenga, Duncan anali pa benchi. Ndipo inu mukufuna chitsanzo, nachi china. Chaka cha 2025, gemu yoyamba ya Oklahoma City Thunder ndi Denver Nuggets mu ma playoffs. Thunder imatsogola ndi 3, inayamba mafaulo masekondi opitirira 10 adakalipo, chikhalirecho Denver inalibenso timeout. Wotchi inkaima, Denver inkalowetsa ma free throw ake. Chet Holmgren anaphonya awiri onse, Aaron Gordon analowetsa three, 121-119. Faulo yomwe mukuitamayo ndi yomwe inawapha.

Lusungu: Ayi achimwene, chinawapha ndi kufulumira. Faulo ya pa masekondi 11 si yofanana ndi ya pa masekondi 4. Pa 11 mukutalikitsa gemu, ndipo inunso muyenera kupita pa mzere kukalowetsa anu. Pa 4 mnzanu alibenso nthawi yoti akugwireni, inu muponye, iye abwererenso. Ine lamulo langa ndi ili: wotchi ikhale pansi pa 6, akhale akudunda, makamaka atapereka msana ku ring. Akangokweza mpira, manja anu kutali.

Tadala: Pamenepo pa kukweza mpira ndi pomwe 2K imavuta. Mukadina touchpad wosewera sagwira pompo, amatenga kaye kasitepe n'kutambasula manja. Mnzanu akadina square nthawi yomweyo, gemu imawerenga kuti mwamugwira akuponya, ma free throw atatu. Ukalowa mpirawo ndiye mapointi 4. Ndaona zikuchitika pa gemu ya mnyamata wa ku Luwinga ndi wa ku Katawa mwezi watha, wotsogola anagonja osafika n'komwe nthawi yowonjezera.

Lusungu: N'chifukwa chake ndimamugwirira kutali, atangodutsa mzere wapakati, pomwe sangaganize zoponya. Ngati waitana timeout n'kukayambira kutsogolo, ndimamugwira akangowakha, mapazi asanalunjike ku ring. Akawakha ali woyang'ana kale ku ring, ndasiya, ndikutchinga basi.

Aphunzitsi a Mhango: Nonse awiri muli ndi mfundo, koma mwana wanga Yamikani wanena chinthu choti musachidumphe. Mukasankha faulo, sankhaninso anthu. Mpira ukangoima lowetsani ataliatali awiri odziwa rebound, chifukwa gemu yonse yatsala pa free throw yachiwiri ija. Substitution ikakhala pa Auto, kompyuta imatsata ndandanda yake ya mphindi. Mukasankha kutchinga, lowetsani othamanga asanu, koma dziwani kuti mwagulitsa rebound, monga anachitira Popovich.

Wongani (Admin): Kwa osankha kutchinga, zomwe ine ndimaika pa timeout ndi izi. On-ball pa Smother, off-ball pa Deny Ball, ma screen pa Switch, ndipo wina asachoke pa munthu wake kukathandiza mkati, No Help. Pa Points of Emphasis, Limit Perimeter Shots. Mnzanu akafuna kulowa mkati musiyeni, mapointi 2 samupulumutsa. Koma muonetsetse kuti Adaptive Coaching Engine (ACE) mwaizimitsa, chifukwa ikakhala yoyaka imasintha zomwe mwaika, ndiye mumangodabwa wamtali wanu wathamangira mkati kusiya munthu pakona.

Gome: A Admin, imeneyo muionjezere pa lamulo. ACE izime kwa onse.

Yamikani: Apo ndikana. Timeout ndi mafaulo ndi zomwe zimabweretsa mikangano. ACE munthu asankhe yekha. Watsopano ikumuthandiza kota zitatu zoyamba, tisamulande zonse tsiku limodzi.

Wongani (Admin): Zamveka. ACE ikhale kufuna kwa mwini.

Tadala: Ndifunseko za timeout. Ine ndimaziitana mnzanga akalowetsa mipira itatu motsatizana kuti ndimudule moto. Ndikafika kumapeto zimakhala zatha. Ndisunge zingati?

Atupele: Ziwiri, amwene. Ku NBA timu ili ndi 7 gemu yonse, mu kota yachinayi singagwiritse zoposa 4, ndipo mu mphindi zitatu zomaliza imaloledwa ziwiri zokha. Ndiye kusunga zisanu n'kopanda phindu, koma kufika kumapeto opanda iliyonse ndi ngozi. Phindu lake lalikulu si kupumitsa osewera. Mu mphindi ziwiri zomaliza, mukaitana timeout mutangotenga mpira, mumakaponyera kutsogolo m'malo moyambira pansi pa ring yanu. Kutatsala masekondi 3, kusiyana kwake ndi three yabwinobwino kapena kungoponya chiponyeponye kuchokera pakati. Koma mudine musanayambe kuthamanga nawo. Mukadunda kaye n'kuitana, mwayi wopita kutsogolo watha.

Gome: Cleveland mu 2018, gemu yoyamba ya ma Finals, inali ndi timeout m'thumba. George Hill anaphonya free throw kutatsala 4.7, zili 107-107, JR Smith anatenga rebound n'kuthawa nawo kunja. Palibe anaitana. LeBron anali ndi mapointi 51 tsiku limenelo koma anagonja kwa Golden State mu nthawi yowonjezera. Ndinaonera m'bandakucha nditafunda bulangeti, kuzizira kwa June kuno mukukudziwa, ndipo mpaka lero chimandiwawa.

Aphunzitsi a Mhango: Komanso osaitana yomwe mulibe. Chris Webber ku Michigan mu 1993 anaitana timeout timu yake itamaliza zonse, pa fainolo ya makoleji ndi North Carolina. Inakhala technical foul, gemu inathera pomwepo. Musanaponye mpira m'bwalo yang'anani pansi pa sikirini kuti mwatsala ndi zingati.

Lusungu: Pali nthawi inanso yomwe timeout imathandiza mnzanu kuposa inu. Mwatenga rebound, mukutsalira ndi 1, kwatsala masekondi 12, anthu ake amwazikana, wamtali wake wochedwa ali mkati. Mukaitana mwamupatsa mpata wolowetsa otchinga ake abwino ndi kukonza ma settings. Ine pamenepo ndimathamanga nawo. Ndikaona pofika pakati kuti abwerera onse, ndipamene ndimaitana. Timeout ya Auto singaone zimenezo.

Yamikani: Pamenepo tagwirizana, asisi.

Tadala: Nanga zomwe mumati two for one?

Atupele: Wotchi ikakhala pa 38 kapena 40 mpira uli kwa inu, ponyani isanatsike pansi pa 30 kapena 32. Mnzanu adya 24 ake, inu mutsala ndi masekondi 6 kapena 8 oponyanso. Mwaponya kawiri, iye kamodzi. Pa kota zitatu zoyamba chitani nthawi zonse. Pa yachinayi zitengera zigoli. Mukutsalira kapena mwafanana, inde. Mukutsogola ndi 4, ayi, ikani Patient Offense, idyani wotchi mpaka itsale 5 musanaponye. Ndipo mukatenga rebound ya mpira wanu womwe, kumbukirani kuti wotchi imabwerera pa 14, osati 24. Lamulo limeneli linayamba mu 2018, koma anthu amaiwala n'kumadunda mpaka kulira kwa belu.

Gome: Chinanso kwa wotsogola: poponya mpira kuchokera kunja musadine X mwachisawawa. Gwirani R1, zizindikiro zituluke pamitu, musankhe wodziwa ma free throw. Ndipo wamtali wosadziwa kuponya mumutulutse kaye. Shaquille O'Neal moyo wake wonse ku NBA analowetsa pafupifupi 53 pa 100 iliyonse, matimu ankamugwira dala. Mu 2K n'chimodzimodzi, wosewera wa rating yotsika ya free throw ngakhale musiye batani bwino amaphonyabe.

Yamikani: Ndiye ine ndikutsalira, bwanji osangomugwira wamtaliyo ngakhale alibe mpira?

Aphunzitsi a Mhango: Mu mphindi ziwiri zomaliza za kota, faulo ya dala pa munthu yemwe sali pa mpira imapatsa adani free throw imodzi ndi mpira womwe. Anaika choncho kuti athetse khalidwe lomwelo. Mudikire awakhe.

Lusungu: Tisaiwale kutopa. Anthu amagwira R2 gemu yonse, pofika mphindi yomaliza katswiri wawo watuluka chizindikiro cha kutopa chija, miyendo yalemera, mpira ukugunda kutsogolo kwa ring. Pa makota a mphindi 5 ine ndimamupumitsa kumapeto kwa kota yachitatu ndi mphindi yoyamba ya yachinayi. Abwere kutatsala 4, amalize ali ndi mphamvu. Akakhala ndi mafaulo 5 sindimubisa pa benchi mpaka kumapeto, koma sindimugwiritsa ntchito popanga faulo yadala. Musanadine touchpad onani kaye kuti mwagwira ndani, mungatulutse katswiri wanu ndi dzanja lanu.

Tadala: A Admin, nanga magemu omwe sitisewera, omwe timangopanga simulate mu MyLeague? Kumeneko Manual sigwira.

Wongani (Admin): Kumeneko mphamvu yanu ili pa Coach Gameplan. Muli ndi mphindi 240 zogawira osewera, 48 kuchulukitsa ndi anthu asanu. Musangoyang'ana kuchuluka kwa mphindi za munthu, onani kuti mphindi zomaliza za kota yachinayi zagwera ndani. Kompyuta ikagawa yokha imatsata overall, nambala ya luso lonse la wosewera, ndiye imakuikirani ataliatali awiri osadziwa ma free throw nthawi yomwe adani akupanga mafaulo. Mukonze nokha, ndipo wosewera akavulala mubwererenso kukaona, chifukwa ndandanda imasokonekera. Aliyense akonze zake tisanayambe, ndikadina simulate sindibwereranso.

Gome: Nanga magetsi akazima mu kota yachinayi? Sizoni yatha ku Mchengautuwa zinachitika, wina akutsogola ndi 9 kutatsala mphindi imodzi, wina n'kumati tiyambirenso.

Wongani (Admin): Kota yachinayi ikayamba, wina ajambule sikirini ndi foni, ndipo azijambulanso pa timeout iliyonse. Akazima kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, kusiyana kuli 10 kapena kuposa, wotsogola wapambana. Kupanda apo gemu ibwerezedwe.

Atupele: 10 yachepa, a Admin. Tracy McGrady analowetsa mapointi 13 mu masekondi osakwana 40 pa Spurs mu 2004. Reggie Miller analowetsa 8 mu masekondi 8.9 pa New York Knicks mu 1995. Mphindi ziwiri mu 2K ndi nthawi yambiri, ine 10 ndimabweza.

Lusungu: Ndiye tiike 10 pa mphindi imodzi, 15 pa mphindi ziwiri.

Atupele: Imeneyo ndilola.

Yamikani: Ine pa Late Game Fouling ndavomera Manual, koma ndipemphe chinthu. Lachisanu madzulo anyamata atsopano aja abwere kwathu ku Chiputula. Tiike gemu ya makota afupi, tizingoyeserera mathero: kutsalira ndi 2 kutatsala 40, kutsalira ndi 2 kutatsala 20, kutsogola ndi 3 kutatsala 10. Asisi Lusungu mubwere muwaonetse kagwiridwe kanu, ine ndiwaonetsa kutchinga, asankhe okha.

Lusungu: Ndibwera ndikaweruka. Ndibweretsa padi yanga, touchpad ya yanu yachiwiri ija imachedwa kumva.

Aphunzitsi a Mhango: Mukatero muwaphunzitsenso za 0.3. Wotchi ikatsala pansi pa 0.3 munthu sangawakhe n'kuponya, angathe kungougunda kuti ulowe. Ndiye wotchinga aike ataliatali pansi pa ring, asiye kuthamangira kunja. Pa 0.4 Derek Fisher anawakha n'kulowetsa mu 2004, pamenepo aliyense akhale pa munthu wake.

Wongani (Admin): Ndalemba. Timeout, Substitution ndi Late Game Fouling pa Manual, ACE kufuna kwanu, makota a mphindi 5, kuvuta kwa gemu pa Superstar. Matimu tigawana Loweruka 9 koloko m'mawa, wochedwa atenga yotsala.

Tadala: Superstar kapena Hall of Fame? Sizoni yatha ma playoffs tinakweza.

Wongani (Admin): Superstar mpaka ligi ithe. Za ma playoffs tidzavota akadziwika olowa.